Mwana akangomva mvula pamalata amanjenjemera. Kodi ndi chiyambi cha matenda a amalume ake?

NaMbewe wa ku Bangwe

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndikulera mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 11, ali Sitandade 6. Mayi ake ali ku Johannesburg kosaka ya sopo, banja lawo linatha kalekale. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, iwo ankakhala ku Chilobwe. Nyumba yawo inangogwa khoma limodzi, koma za oyandikana nawo zinapita ndi matope anthu ali momwemo. Mnzake amene ankamenya naye mpira wachikulunga sanapezeke mpaka lero. Anakhala kaye kumsasa pasukulu ina ya pulayimale, kenaka ndinamutenga.

Poyamba tinkamuyamikira kuti ndi wolimba mtima, chifukwa sanalire ndipo nkhaniyo sankaitchula n'komwe. Zinayamba kuoneka dzinja lathali, ndipo chaka chino zanyanya. M'mawa akadzuka sayamba ndi kusamba, amayamba watuluka kukayang'ana mitambo cha ku Mpingwe. Kukada, m'mimba mwayamba kupota, mutu ukuwawa, nthawi zina mpaka kusanza phala. Loweruka kukakhala dzuwa mwana ali bwinobwino, nsima akudya mitanda iwiri. Usiku mvula ikayamba kulira pamalata amadzuka thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda moti ukamugwira pachifuwa umaumva. Ndinapeza kuti amagona atavala nsapato, ndipo m'chikwama cha kusukulu amabisamo malaya ndi tochi. Wayambanso kukodza pogona, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka zinayi. Foni yanga amaibwereka osati kuti achite masewera, koma kuti aone ngati a zanyengo alengeza kanthu.

Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono. Anamuyeza malungo, palibe. Anatipatsa mankhwala a njoka zam'mimba ndi panado. Kusukulu aphunzitsi ena akuti ndi ulesi, akujomba dala.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Achimwene anga, amalume ake a mwanayu, anagonekedwapo ku Zomba Mental. Iwo zikawayamba sagona usiku ndi usana, amalankhula osapuma, amagulitsa katundu wam'nyumba n'kumati akutsegula kampani ya mabasi. Zikatha amagona miyezi, osasamba, osayankha munthu. Ndiye amayi anga, agogo ake a mwanayu, akungoti "ayamba, atengera amalume awo, ndi za kumtundu izi." Akufuna timutengere kumudzi ku Chiradzulu kwa asing'anga, akakhale komweko mpaka mvula itatha, sukulu adzayambirenso chaka chamawa.

Kodi zimenezi n'zofanana ndi za achimwene? Ndimulole apite kumudzi kapena ndizimukakamiza kupita kusukulu? Nanga alipo mankhwala oti azimwa kuti azigona?

Mkulu wa Mpingo, Ndirande

Mayi, pepani ndi zimenezi. Ife tinakula mphezi zikung'amba mitengo pabwalo, ukalira ankakuuza kuti mwamuna salira, ndipo tinakula ndithu. Ana a masiku ano tikuwanyengerera kwambiri. Koma poti uyu anaona imfa ndi maso, mzimu wa mantha unamulowa. Mubwere naye kumapemphero, abusa amusanjike manja. Za asing'angazo ayi, musapite. Mankhwala a ku Zomba musawayerekeze pa mwana, amaumitsa thupi.

Namwino wa Zamaganizo

A NaMbewe, mwafotokoza bwino kwambiri, mwina kuposa mmene makalata ena otumizira odwala amalembedwera. Sindingamuyeze mwana ndisanamuone, koma zimene mwalembazi ndimakumana nazo kuntchito, ndiye ndikuuzeni mmene ndikuonera.

Funso lanu loyamba: ayi, sizikufanana ndi za achimwene anu. Zimene mwafotokoza za iwo zikumveka ngati matenda amene timawatchula kuti bipolar, pamene munthu amakwera kwambiri kwa sabata kapena kuposerapo, osafuna tulo, mphamvu zosatha, mapulani akuluakulu, kenaka n'kugwa m'kukhumudwa kwa nthawi yaitali. Amenewa kawirikawiri amayamba munthu akutha msinkhu kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo sayendera mitambo. Mwana wanu sakukwera, sakutsika. Ali ndi mantha, ndipo mantha akewo ali ndi chowayambitsa chodziwika: mvula, phokoso la malata, phiri.

Thupi la munthu likaona choopsa limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, tolikonzekeretsa kuthawa. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, thukuta limatuluka, magazi amachoka m'mimba kupita m'miyendo kuti munthu athawe. N'chifukwa chake m'mimba mumapota mpaka kusanza. Sakunama mwanayo, kupwetekako n'kwenikweni ngakhale malungo sanapezeke. Ana ambiri sanena kuti "ndili ndi nkhawa", amati "m'mimba mukuwawa". Mwa munthu amene anapulumuka pangozi yaikulu, thupi limatha kukhala ngati galu amene wakuba anamulowerapo pakhomo, tsopano amauwa ngakhale tsamba likagwa. Zikapitirira mwezi, pali maloto oipa, kudzidzimuka, kuzemba chilichonse chokumbutsa ngoziyo, ndi kukhala tcheru nthawi zonse, timaganizira za PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akadutsa m'zoopsa. Kugona ndi nsapato kuja ndiye kukhala tcheru kumeneko. Kukodza pogona kumachitikanso, mwana amabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndipo sizachilendo kuti zinachedwa kuoneka. Ena zimawatulukira patapita miyezi yambiri, makamaka amene ankayamikiridwa kuti ndi olimba mtima, chifukwa anaphunzira kuti kukhala chete ndiye kumasangalatsa akuluakulu.

Pali chinanso chimene mwina simunachiike pamodzi ndi mvulayo. Mayi ake ali kutali. Mwana amene anaona anthu akusowa usiku umodzi amaopa kusiyana ndi amene akumusamala. Mwina kusukulu sakuopa kalasi, akuopa kuti mvula ikagwa iye ali uko inu muli kuno. Mufunseni modekha, mukusenda naye mbatata kapena mukuyenda, osati mutamukhazika pampando ngati pabwalo la milandu.

Za kumudzi, ine ndingakane. Mantha amakula ukamawathawa. Tsiku lililonse limene wajomba chifukwa kwada, thupi lake limapeza mpumulo n'kuphunzira kuti "ndapulumuka chifukwa sindinapite". Mawa lake mantha amabwera ndi mphamvu zoposa. Akataya chaka chonse adzabwerera ali ndi mantha omwewo, kuwonjezera manyazi obwereza kalasi. Komanso ku Chiradzulu mvula imagwa, mapiri aliko, ndipo Freddy anapha anthu kumenekonso. Koma kukakamiza kwa chikwapu ayi. Chofunika n'kumubwezera pang'onopang'ono. Tsiku lamitambo mumuperekeze mpaka pageti, akhale ngakhale mpaka buleki yokha. Zikazolowereka, mpaka kuweruka. Kunyumba, mvula ikamawaza masana, khalani naye pakhonde kwa mphindi zochepa, mtima ukugunda choncho, mpaka aone yekha kuti ukutsika. Muphunzitseni kupuma: kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6. Ayesere kukakhala dzuwa, kuti usiku wa mvula asakhale akuphunzira chatsopano. Foni ya zanyengoyo muzionera limodzi kamodzi patsiku, nthawi yodziwika, basi. Akakodza pogona, chapani osalengeza.

Mankhwala ogonetsa musagule. Ena adzakuuzani za diazepam, amapezeka mwamseri m'misika. Amazolowereka msanga, ndipo mantha sachoka, amangophimbika. Pa mwana wa msinkhu uwu chithandizo choyamba ndi uphungu, osati mapilisi. Mankhwala ngati fluoxetine amaperekedwa nthawi zina kwa achinyamata okulirapo, dokotala atayeza ndipo akuwatsatira, ndipo m'banja mmene muli bipolar amasamala kwambiri chifukwa angathe kumukweza munthu. Choncho za amalume akezo mukazinene kuchipatala, musabise.

Poti muli ku Blantyre, bwererani kuchipatala chanu chaching'ono mukanene mosabisa kuti vuto ndi mantha chichitikireni Freddy, osati m'mimba mokha, ndipo mupemphe kalata yopita ku Gulupu, kuchipatala cha Queen Elizabeth. Kuli mbali yoona za maganizo, anthu amangoti ku Room 6. Kumeneko si kogonekedwa kokha, ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Palinso nambala yaulere ya ana ya 116, ya Tithandizane, imene a YONECO amayendetsa, mungathe kulankhula ndi aphungu.

Musadikire ngati muona izi: wasiya kudya ndi kusewera ngakhale kukhale dzuwa kwa masabata awiri kapena kuposerapo, akudzipatula, akunena kuti bola akanafa iye m'malo mwa mnzake uja, kapena akudzivulaza. Kumeneko ndiye kukhumudwa kolowa m'matenda, ndipo kumatha kubwera pamwamba pa nkhawa. Kumufunsa mwana ngati amaganiza zofa sikumuika maganizowo m'mutu.

Bambo a ku Ndirande, mapemphero sindikutsutsa, odwala anga ambiri amalimba nawo mtima. Chokhacho, asamuimike kutsogolo kwa mpingo n'kumamukuwira kuti chiwanda chituluke. Mwana woopa phokoso amachokako ataipiraipira, ndipo amatenganso mantha atsopano oti m'thupi mwake muli chinthu.

Mphunzitsi wa ku Phalombe

Ndikugwirizana ndi anamwino pafupifupi pa zonse, koma pamodzi ndiwonjezere, chifukwa ife kuno tikukhala nazo m'kalasi. Kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje ndi Michesi, Freddy anasesa midzi, ndipo ana ngati wanuyo ndili nawo angapo. Makalasi athu alibe siling'i. Mvula ikatsika mwamphamvu sumva ngakhale mawu ako omwe, ndiye umangoona ana ena agwira m'makutu, ena akuyang'ana pakhomo, wina wayamba kale kulongedza makope. M'kalasi la ana oposa 100 mphunzitsi amene sakudziwa mbiri ya mwana amangoona wosamvera.

Chimene ndikufuna kunena n'choti mantha a ana amenewa si opanda pake kwenikweni. Phiri linagumukadi. Anthu oposa 1,000 anafadi m'dziko muno. Mu Disembala 2024 kunabweranso namondwe wa Chido. Ndiye musamuuze kuti "sizidzachitikanso", adziwa kuti mukunama ndipo sadzakukhulupiriraninso pa nkhani imeneyi. Ine ndimawauza zoona: mvula yambiri imene imagwa ndi mvula chabe, ya chimanga. Namondwe amalengezedwa masiku angapo asanafike. Ndipo tili ndi pulani. Inunso khalani naye pansi mupange pulani yanu: akalengeza namondwe tidzapita kwa uje, tidzadutsa njira iyi, ukakhala kusukulu ndidzabwera ine kudzakutenga ndipo usachoke wekha. Chikwama chake chija musamulande. Chisandutseni cha banja lonse, muikemo tochi, machesi, mabuku a kuchipatala m'pepala la pulasitiki, muchipachike pamalo amodzi. Akadziwa kuti wamkulu wasenza udindowo, nsapato adzavula yekha.

China chimene chinandithandiza: botolo la pulasitiki lodula pakamwa, n'kumatapo rula, kuliika pabwalo. Mnyamata amene ankathawa kwambiri ndinamupatsa ntchito yoyeza mvula ndi kulemba pabolodi m'mawa uliwonse. Sanachire tsiku limodzi ayi, koma anayamba kubwera kusukulu dala tsiku lamvula, poopa kuti wina amulanda ntchito.

Pitani mukaonane ndi ahedi ndi mphunzitsi wake wakalasi, muwauze mbiri yonse. Pemphani kuti azikhala pafupi ndi khomo, ndipo zikamuvuta azitha kuima pakhonde pang'ono n'kubwerera, osati kupita kunyumba. Amayi a mother group nawonso amathandiza kulondola ana ojomba. Konzani zimenezi panopa ali Sitandade 6, mayeso a MANEB asanayandikire, chifukwa nkhawa ya Sitandade 8 ikadzakwera pamwamba pa imeneyi katundu adzalemera.

NaJere, Area 25

Ine ndine mmodzi mwa anthu ngati achimwene anuwo, ndiye ndiyankhe mbali imeneyo. Zanga zinayamba ndili kukoleji. Ndinkagona maola awiri n'kudzuka ndili ndi mphamvu ngati ndagona usiku wonse, ndinagawa zovala zanga zonse, ndinkaona ngati Mulungu wandituma kwa nduna. Ndinalibe mantha ngakhale pang'ono, ndipo vuto linali lomwelo. Kenaka kunabwera mdima woti kutsuka mkamwa kokha inali ntchito. Zimene mwalemba za mwanayo sindikuzizindikira mwa ine.

N'zoona kuti matendawa amayenda m'magazi, wachibale wa wodwala amakhala pachiopsezo chokulirapo kusiyana ndi ena. Koma achibale ambiri sadwala. Kwathu tinabadwa asanu, ndili ndekha. Chimene mungamuchitire mwanayo n'kumuteteza ku chamba akamakula, kuonetsetsa kuti amagona mokwanira, ndi kudziwa zizindikiro kuti zikadzabwera, ngati zidzabwere, musadzataye zaka mukuzungulira.

Koma chonde, agogo asiye kunena pamaso pake kuti watengera amalume. Ana amamva. Ameneyo mwina akudzifunsa kale ngati akupenga, chifukwa mtima ukamagunda chotero munthu amaganizadi kuti mutu ukuzungulira. Wina amuuze momveka kuti si misala, ndi mantha, ndipo amatha.

A Mkulu wa Mpingo, mankhwala ena amaumitsadi thupi ndi kunjenjemeretsa manja, makamaka akale aja monga haloperidol ndi chlorpromazine, koma ukanena kuchipatala amachepetsa kapena kusintha. Ine ndimalandira chithandizo ku St John of God kuno ku Lilongwe, ndimagwira ntchito, ndili pabanja, ndipo ndimaimba kwaya. Amayi anzanga amene mukumwa mankhwala a sodium valproate, mukafuna kutenga pakati kambiranani kaye ndi adokotala chifukwa amatha kuvulaza mwana m'mimba, koma musasiye panokha.

Ndifunseko a NaMbewe: achimwenewo panopa akumwa mankhwala? Ambiri timasiya tikamva bwino, ndipo n'zimene zimatibwezera kuchipatala.

NaMbewe wa ku Bangwe

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. A NaJere, mwandigwira pamtima. Achimwene anasiya mankhwala chaka chatha, akuti achira. Ndiwaimbira alamu anga tikambirane.

Ndayesa zina mwa zimene mwanenazi. Ahedi anandilandira bwino, sankadziwa n'komwe kuti mwanayu anachokera ku Chilobwe. Chikwama tachipachika kuseri kwa chitseko, iye ndiye anasankha zoikamo, mpaka anaikamo ndi mchere, sindinamuletse. Botolo loyezera mvula lili pabwalo, nkhuku zinaligwetsa, walimangirira pachikhomo. Nsapato sanavulebe. Amayi anga sanakondwe kuti ndakana za kumudzi, akuti ana a m'tauni timadziona ngati ozindikira, koma tagwirizana kuti abwere iwo adzakhale nafe mwezi uno. Mwina n'zabwinonso, mwanayu amawakonda.

Anamwino munalondola pa za mayi ake. Tikuchokera kuchigayo ndinamufunsa chimene amaopa akakhala kusukulu. Anati, "Mayi aang'ono, phiri likagwa inu muli kumsika, ndani adzauze amayi ku Joni kuti ndili kuti?" Tsopano achemwali akumuimbira pa WhatsApp Lamlungu ndi Lachitatu madzulo, osaphonya, ndipo nambala yawo wailoweza pamtima.

Koma wandifunsa chinthu chimene chandizunguza. Akuti akufuna apite ku Chilobwe akaone pamene panali nyumba ya mnzake uja. Chichokereni sanapondeko. Ndimutengere, kapena ndikhala ndikutokosa chilonda?

Namwino wa Zamaganizo

Poti wapempha yekha, ndi chizindikiro chabwino. Mwana amene maliro a mnzake sanawaone amakhala ndi nkhani yosatha m'mutu, ena amaganiza kuti mnzawoyo ali moyo kwinakwake, ena amadziimba mlandu kuti sanamudzutse. Koma musathamange. Yambani mwapita ku Gulupu, mukamuuze mphungu za pempholi kuti akuthandizeni kukonzekera. Pitani kaye nokha mukaone mmene malowo alili tsopano, kuti mudzamufotokozere asanafike. Musankhe tsiku lopanda mitambo, m'mawa, ndipo mugwirizane kuti akati tibwerere mubwerera pomwepo, ngakhale mutangotsika minibasi. Akalira musamutonthoze msanga ndi mawu oti limba mtima, msiyeni alire. Akafunsa ngati mnzakeyo anafa, muyankheni zoona. Usiku wotsatira mwina agona movutika kapena akodzanso, zisakudabwitseni, sizitanthauza kuti mwalakwitsa.

Agogo akabwera, mupite nawo kuchipatalako akamve okha kuchokera kwa adokotala, mawu a mwana wawo sangawamve ngati a munthu wovala yunifolomu. Mutenge buku lake la kuchipatala lija analembamo za malungo, ndi lipoti la kusukulu la teremu yatha. Ngati n'kotheka mutengenso buku la achimwene anu, adokotala adzafuna kuona mankhwala amene ankamwa.